Malemu Asayina Pepala la Achemwali

Pelto, 9 Meyi

Olemekezeka achemwali anga a Marlys Luoma, phungu wa ku Nyumba ya Malamulo ku Lansing,

Ayi. Sindinalembe ine. Ndayamba ndi limenelo chifukwa dzulo pa foni simunandipatse mpata ngakhale wotsokomola. Munangoti, "Dewey, nthabwala zako zandipha," basi n'kudula. Bwana wanga Sulo anamva zonse ali kunsi kwa galimoto. Atatuluka anandifunsa ngati boma lonse limalankhula choncho kapena ndi inu nokha.

Moni ndiye uyu, wafika mochedwa. Muli bwanji kumeneko? Ife kuno tilipo.

Tsono timvane. Kupusa ndimapusa, sindikana. Sukulu ndinaithawa ndili ndi zaka 16. Amene anaveka galu wa abusa chipewa cha kampeni yanu ndine. Amene analemba dzina la mdani wanu Vern Gauthier pachitseko cha chimbudzi cha ku garaja ndinenso. Koma kulemba dzina la Abambo pa pepala la boma, munthu ali m'bokosi chiyambire Febuluwale? Zimenezo si zanga. Zanga anthu amaseka.

Munandituma ntchito imodzi. Munati mukufuna mayina chikwi kuti mulowe nawo pa chisankho cha chipulula cha mpando wa ku Washington, ine ndikupezereni a kwathu kuno. Ndinapeza kapena sindinapeze? Mapepala asanu ndi atatu, odzaza. Ndinachita momwe timachitira chilichonse kuno. Ndinawaika pa tebulo la mu holo ya tchalitchi, pambali pa ketulo ya khofi ndi buledi wotsekemera uja wa nisu, pomwe pamakhala pepala la obweretsa maluwa ndi la otchetcha kumanda. Anakhala pamenepo masabata atatu. Anthu akatuluka m'mapemphero ankamwa khofi, n'kusayina, n'kumapita. Ine ndinali panja, kukankha magalimoto a nkhalamba m'matope. Atadzaza ndinasayina pansi paja pomwe munaika kamtanda, n'kukutumizirani. Ndiye mukandifunsa kuti ndani analemba dzina lawolo, "Eino Luoma", sindinaone. Kunena zoona sindinaone munthu ndi mmodzi yemwe akulemba.

Nkhani za kuno. Nthaka yomwe inauma gwa ndi chisanu mpaka kulephereka kukumba manda yafewa, fosholo ikulowa. Abusa ati maliro akhale Loweruka pa 24. Abambo atuluka tsopano m'kanyumba ka kumanda kaja, momwe akhala akudikira ndi anzawo anayi omwe anafa m'chisanu. Miyezi itatu pa mzere osakalipira munthu. Ali moyo sakanatha mphindi zisanu.

Amayi alipo. Amadzuka, amaphika, amakhala pampando. Ukawafunsa amati, "Bwino." Wina akaimba foni kufuna Abambo amayankha kuti sali pafupi. Si bodza, ali mailosi awiri kuchokera pano. Nyuzipepala ija inalemba kuti malemu asayinira phungu ndinakolezera moto wa ku sauna, kosambira nthunzi kuja, iwo asanaione, ndipo zina zonse zikumatsatira komweko.

Mubwera liti? Mukamadutsa pa Mlatho waukulu wa panyanja uja mundigulire maswiti aja, ngati wopalamula amaloledwa maswiti.

Ine mlongo wanu wosaphunzira,
Dewey

Lansing, 13 Meyi

Dewey,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi Amayi. Kalata yako ndaiwerenga kawiri, kenako ndaing'amba. Zimene walembazo usadzalembenso, usadzanenenso, ngakhale kwa Sulo.

Mawu amene ali pamwamba pa kamtanda unawawerenga? Amanena kuti wosayina pansiyo walumbira kuti munthu aliyense pa pepalalo anasayina iye akuona ndi maso. Si pepala la maluwa limenelo. Ndinakuuza pa Pasaka uli m'kati motafuna, unati wamva.

Ndikufotokozere pang'onopang'ono. Pakufunika mayina 1,000. Ndinapereka 1,071. Ochokera kwa iwe ndi 114. Ukanena kuti sunaone, onse 114 agwa, nditsala ndi 957, ndipo dzina langa silikhalapo pa pepala lovotera mu Ogasiti. Vern adutsa yekha wopanda wopikisana naye. Zaka khumi ndi ziwiri zanga zithera pambali pa ketulo ya khofi.

Anthu a Vern anakhala masiku anayi akufananiza mayina athu ndi a m'kaundula wa omwalira. Anapeza limodzi lokha. Mzerewo uli ndi deti la 13 Epulo. Abambo anatisiya pa 9 Febuluwale. Atolankhani akundifunsa m'makonde ngati ndilibe manyazi kugwiritsa ntchito bambo wanga yemwe. Ndimayankha kuti tikufufuza. Ndayankha choncho kochuluka mwakuti dzulo wogulitsa masangweji anandifunsa ngati ndikufuna anyezi, ndinati tikufufuza.

Komiti yoona za zisankho imva nkhaniyi Lolemba pa 2 Juni. Loya wanga, a Prentiss, akufuna kudziwa amene anagwira cholembera. Ngati ndiwe, ingonena. Mwina unawasowa, mwina unamwa, mwina unkaganiza kuti ndiseka. Sindikwiya. Nthawi yokwiya ndilibe.

Tsiku la 24 ndalisunga. Lachisanu madzulo ndili ndi msonkhano wa odula mitengo ku Escanaba, ndiye ndifika Loweruka m'mawa, molunjika kumanda. Upitirize kubisa nyuzipepala.

Amayi akugona bwino? Mankhwala akumwa? Undiyankhe zimenezi, osati zinazo.

Marlys

Pelto, 14 Meyi

Mwana wanga Marlys,

Ndikupatsa moni. Uli bwanji? Kuno mvula. Mpopi wa kukhitchini ukudontha. Dewey akuti akonza, wakhala akutero chiyambire Pasaka.

Za pa 24. A Helmi ndi azimayi a ku tchalitchi aphika mapasti, buledi uja wa nyama ndi mbatata m'kati, makumi asanu ndi limodzi, ena opanda karoti chifukwa cha amalume ako. Uvale diresi, osati suti ija umavala pa wailesi yakanema. Abambo ako amati imakuonetsa ngati wogulitsa inshuwalansi.

Pepala lako ndinaliona ku tchalitchi mwezi watha. Ndinasayinira tonse awiri monga mwa masiku onse. Chiwadulireni zala makina a ku mgodi, dzina lawo ndimalemba ndine. Ku banki, kuchipatala, pa makhadi a Khirisimasi. Zaka makumi awiri ndi zisanu tsopano. Ndinaona a kwa Niemi alemba awiri, a kwa Harju awiri. Ndiye ife tikhale mmodzi pa pepala la mwana wathu yemwe? Akanakwiya. Ndi iwo amene ankakunyamula paphewa popita ku misonkhano ya ogwira ntchito ku mgodi, ine ndikukana.

Nyuzipepala sikubwera masiku ano. Kaya asiya kugawa. Ndiye sindikudziwa momwe zikukuyendera. Undiuzeko. Wa Gauthier uja ndinamuona pa chikwangwani cha pamsewu, wanenepa.

Uzidya. Usamangomwa khofi.

Ndife,
Amayi ndi Abambo

Lansing, 19 Meyi

Dewey,

Moni. Amayi andilembera. Ndi iwo anasayina dzina la Abambo, ndipo anena okha ngati akunena za nyengo. Ndinakunamizira. Pepa. Kodi unkadziwa?

Kalatayo ndinaiwerenga nditaimirira pakhomo la ofesi. Belu loitanira aphungu linalira, ndinalowa, ndinavota pa lamulo la zikwangwani za m'misewu. Sindikukumbuka ngati ndinati eya kapena ayi.

Ndawaonetsa a Prentiss. Akuti njira yapezeka, ndipo ndi yabwino kuposa momwe ankayembekezera. Ili pawiri.

Amayi abwere ku Lansing pa 2 Juni adzanene okha kuti analemba ndi iwo, mwa chizolowezi, ali pa chisoni. Kalata yokha a komiti sangailandire, akufuna munthu. A Prentiss akuti palibe amene angaimbe mlandu mayi wamasiye wa zaka 68. Afafaniza mzere umodzi basi.

Kenako iwe. Ukweza dzanja, akufunsa ngati unalipo pamene anthu ankasayina. Yankho ndi liwu limodzi: eya. Osawonjezera, osaseketsa. Ukatero mayina enawo atsala, ndikhala ndi 1,070, ndipo ndalowa.

Glenn, amene amandiyendetsera za atolankhani, akuti nkhaniyi itha kutikomera. Akuti mwamuna wodulidwa zala ku mgodi ndi mkazi womulembera dzina zaka zonsezi, anthu a kumpoto alira nazo, ndipo Vern aoneka ngati wozunza amasiye. Ndinamumvetsera mpaka anamaliza. Komanso sindinamuletse. Ndikukuuza kuti udziwe mlongo amene uli naye.

Loweruka ndibwera ndi envelopu ya a Prentiss. Muli mafunso amene Amayi akafunsidwe. Uwawerengere ndiwe, iwe amakumvera. Ine ndinyamuka tikangodya, Lolemba ndili ndi maperete atatu a tsiku lokumbukira asilikali.

Maswiti ndikugulira.

Marlys

Pelto, 21 Meyi

Achemwali,

Moni. Tilipo. Amayi akumwa mankhwala, mpopi ukadali kudontha, Sulo akuti moni ndipo muzidula foni mwaulemu.

Mwafunsa ngati ndinkadziwa. Ndinkadziwa. Nyuzipepala inajambula mzerewo. Ndani winanso m'dziko muno amalemba E wokhala ndi mchira wopotana ngati wa nkhumba? Ndinaona kuti bola muzidana ndi ine, popeza munazolowera kale.

Njira ya a Prentiss ndaimva. Ndi yokongola, ngati bokosi la maliro. Koma mverani izi, inu amene mumabwera kuno kawiri pachaka. Chiyambire Febuluwale Amayi sananenepo liwu loti "anamwalira". Ine ndakhala ndikutchera khutu. Amati "chichokereni", amati "tsiku lija". Kwa a inshuwalansi ndinanena ndine, kwa abale a ku Duluth ndinanena ndine. Tsono inu mukufuna akalinene koyamba ku Lansing, pamaso pa azibambo a mataye, Glenn wanu akuomba m'manja chamumtima?

China. Ine bodza sindiliopa, ndimadya nalo. Tsiku lililonse ndimauza munthu kuti tayala lake silifika Khirisimasi. Koma ili ndi lina. Anthu 113 amoyo akudziwa pomwe panali mapepala aja, ndipo akudziwa pomwe ndinali ine, chifukwa theka la iwo ndinawakankhira galimoto.

Dzulo kunabwera munthu wa Vern, wa nsapato zoyera, mu Meyi, ku Pelto. Anawapeza a Helmi mu holo.

"Mayi, pomwe munkasayina, mnyamata wa Luoma analipo?"

"Khofi mumwa?"

"Zikomo, koma ndimafunsa ngati analipo."

"Shuga angati?"

Anamwa makapu atatu, anatuluka wopanda kanthu. Anabwera ku garaja. Atangotsegula pakamwa Sulo anayatsa makina opopera matayala, n'kumaloza khutu kuti sakumva. Ndiye musade nkhawa, kuno palibe akuululeni. Koma palibenso adzaiwale. Mukuwadziwa anthu athu. Sadzanditukwana. Azidzangondipatsa khofi Lamlungu lililonse osandiyang'ana, mpaka nanenso ndidzakagone m'kanyumba kaja. Inu mudzakhala ku Washington.

Ndiye ndaganiza chonchi. Pa 2 Juni ndipita ndekha. Ndikanena kuti mapepala ndinawasiya pa tebulo, sindinaone aliyense. Zikatero palibe afunsenso za mzere umodzi, onse agwera limodzi, Amayi atsala pakhomo osadziwa kanthu. Ine anditcha chitsiru mu nyuzipepala, zomwe si nkhani yatsopano. Inu mudzayesenso pakapita zaka ziwiri. Washington sathawa, ndi wa simenti.

Envelopu ija musabwere nayo. Loweruka tiyeni tingowaika Abambo, basi. Kaya kalatayi ikupezani musananyamuke.

Dewey

Lansing, 27 Meyi

Dewey,

Moni kwa iwe ndi Amayi. Kalata yako ya pa 21 ndaipeza lero pa tebulo, nditabwerako. Loweruka ndinali ndisanaione. Ndinkayesa wavomera, popeza sunanene kanthu, unangondipatsa mbale n'kundiuza kuti diresi landikhala ngati katani. Iwe unkayesa ndawerenga ndipo ndagonja. N'chifukwa chake envelopu ndinaisiya pamwamba pa firiji, kuseri kwa wailesi. Uichotse msanga.

Ndikuuze china chimene sindingauze munthu kuno. Pamene ankatsitsa bokosi ndinazindikira kuti ndikuwerenga anthu. Analipo 86. Ndinkadziwa amene amavota ndi amene savota. Ndinaima pamenepo kudikira kuti ndimve kanthu m'chifuwa. Sindinamve. Ndinagwira chanza aliyense, ndipo awiri ndinawauza kuti "ndikudalira inu" m'malo mwa "zikomo pobwera". Lolemba ndinayenda maperete atatu ndikumwetulira mpaka masaya kuuma.

Za zaka ziwirizo, sizimayenda choncho. Mpando umenewu umatseguka kamodzi, amene walowa amakalamba momwemo. Amene akupumayu wakhalapo zaka 22. Ndipo wa ku Lansing kuno sindiupikisaniranso, munthu saloledwa kupikisana pawiri. Wina watenga kale malo anga pa pepala. Ndikagwa pa 2 Juni, Januwale ndinyamula makatoni anga, basi. Ndili ndi zaka 39, ndilibe mwamuna, ndilibe mwana, ndilibe ntchito ina imene ndimaidziwa. Chipatala cha kwathu chija ndinalimbana nacho zaka zisanu kuti chisatsekedwe. Vern sadziwa ngakhale msewu wake.

Sindikuuza chochita. Ndayesa kanayi kulemba kuti usaname, dzanja likukana. Ndayesa kulemba kuti uname, likukananso.

A Prentiss ati ine ndisadzaonekeko Lolemba, zingadzaoneke ngati ndikukakamiza mboni. Ndi chipinda cha pansi, 10 koloko m'mawa. Uvale taye ya Abambo.

Amayi akudya? Chiwaikireni anenapo kanthu?

Marlys

Pelto, 4 Juni

Olemekezeka,

Moni. Tinafika bwino. Kuti mwalowa pa pepala lovotera mwamva kale, Glenn anathamangira foni ife tisanavale majekete. Ine ndikuuzani zomwe Glenn sanakuuzeni.

Kalata yanu inafika Lachisanu. Ndinathamangira pa firiji, ndinapeza wailesi yokha. Achemwali, munakulira m'nyumba muno. Amayi amapukuta pamwamba pa firiji Lachiwiri lililonse, ngakhale dziko litatha Lolemba. Envelopu anali ataitenga kale. Tinadya mbatata masiku awiri tikuyang'ana mbale.

Lamlungu titaweruka ku tchalitchi ndinalowa m'nyumba kukatenga chikwama. Potuluka ndinawapeza atakhala kale m'galimoto, jekete atamanga mabatani onse, kachikwama pamiyendo.

"Mukupita kuti, Amayi?"

"Kumene ukupita iwe."

"Ine ndikukagula mpopi."

"Wa ku Lansing? Liza galimoto, Dewey."

Ndinawauza kuti palibe chifukwa, ndikonza ndekha. Anati mwana wawo walemba mafunso, iwo akayankha. Maola asanu ndi atatu. Ndinanena nthabwala zonse zomwe ndimadziwa, mpaka za Sulo zomwe. Pa Mlatho anangoti madzi achuluka chaka chino.

Lolemba m'khonde ndinawakokera a Prentiss pambali. Ndinati ndiyambe ndine, ndinena zoona, Amayi asavutike. Anandigwira paphewa n'kuti, "Zamveka, mnyamata wanga." Titalowa anaimirira n'kuitana Amayi ndi dzina lawo, Irja Luoma. Loya wanu ndi wanzeru, musamutaye.

Chipindacho chilibe zenera. Anthu anayi kuseri kwa tebulo, mayi wina akulemba pa kamakina, atolankhani kumbuyo. A Prentiss anafunsa zawo mofatsa, Amayi anayankha monga mwa pepala. Kenako anaimirira loya wa Vern.

"Mayi, Eino Luoma ndi ndani wanu?"

"Mwamuna wanga."

"Ali kuti panopa?"

"Ku Pelto."

"Pa 13 Epulo anali moyo?"

Amayi anayang'ana kachikwama. "Anali asanaikidwe."

"Sindinafunse zimenezo, mayi. Anali moyo?"

Ndinkamva paipi ya madzi m'khoma.

"Anamwalira."

Mayi wa kamakina uja anatukula mutu. "Pepani, sindinamve."

"Anamwalira."

Wapampando anati anene ndi deti lomwe, kuti zilembedwe bwino.

"Anamwalira pa 9 Febuluwale, masana, supu ili pamoto."

Katatu. Sanalire. Anafunsa ngati angathe kukhala pansi, chonsecho anali atakhala kale.

Ndiye anaitana ine, ndi taye ya Abambo. Ndinakweza dzanja, loya wa Vern n'kuyamba kundifunsa. "Bambo Luoma, munalipo pamene anthu onsewa ankasayina?" Ndinali ndi "ayi" pakamwa, ndinamunyamula kuchokera ku Pelto. Ndinayang'ana Amayi. Ankamasula batani n'kulimanganso, kulimasula n'kulimanganso. Ndinaona kuti ndikati ayi, ndiye kuti anena katatu konse kuja pachabe.

Ndinati eya.

"Ndipo munaona mayi anu akulemba mayina awiri osawaletsa?"

"Ndinaona akulemba, bwana. Kuwerenga sindinawerenge. Ndinasiya sukulu."

Mmodzi wa a komiti anaseka. Munati ndisaseketse, pepani, zinangotuluka. Anafafaniza mzere umodzi ndi rula. Zonse pamodzi mphindi makumi awiri. Ndinkayesa ndimva manyazi kapena mpumulo. Ndinangomva njala. Panja Glenn anawapempha Amayi kuti aime pa masitepe awajambule. Anaima. Anawapempha ayang'ane kumwamba pang'ono. Anayang'ana. Kenako anatipatsa katoni ya zomata pa galimoto zokhala ndi dzina lanu.

Kuno nkhani inafika ife tisanafike. Lero ku garaja Sulo sanandifunse kanthu. Anangondipatsa sipanala, ndipo tsiku lonse wandiitana Dewey. Chiyambireni ntchito amanditcha Chitsiru. A Helmi abweretsa mapasti awiri, awasiya pakhonde osagogoda.

Musayankhe ndi zikomo, sindidziwa pomuika. Mungondiuza ngati zomatazi ndizimate kapena ndidikire.

Ndimati nditseke pamenepa, koma Amayi alowa kuchokera kumunda, manja ali dothi lokhalokha. Aima kumbuyo kwanga.

"Ukulembera mlongo wako?"

Ndati eya, muli ndi mawu?

Asamba m'manja nthawi yaitali. Atseka mpopi, autsekanso.

"Umuuze kuti mu Ogasiti asadzatumize galimoto yodzanditenga kokavota. Dzanja langa latopa."